Mabuleki a Mkamwini

"Chotsani zinthu zanuzi pambaula yangayi, ndikufuna nditereke madzi."

"Dikirani pang'ono, mayi. Guluu sanagwire."

"Dzulo sanagwire, dzana sanagwire. Nyumba yonse ikununkha guluu. Zofunda guluu, tiyi guluu. Lamulungu lapitali mnzanga wokhala naye benchi imodzi anachita kundifunsa ngati tayamba kumata nsapato."

A Makaniko, momwe aliyense ankawatchulira, anapitiriza ntchito yawo. Anali pakampando kawo kafupi kuseri kwa nyumba, akutembenuza tizitsulo pawaya wa mbaula ndi pulayala. Anali mapadi a mabuleki a njinga zamoto. Padi ndi kachitsulo kaphanthiphanthi kokhala ndi chigamba chakuda cholimba, chija chimakanikiza chimbale cha tayala lakutsogolo kuti njinga iime. Tizitsulo ankachita kutola takutha kale m'malo okonzera njinga. Zigamba ankacheka ndi sowo kuchokera ku mabuleki otayidwa a malole. Akamata, kuwamba pamoto, kupala ndi tupa ndi kupaka penti wakuda, munthu sukanasiyanitsa ndi ochokera kufakitale.

"Ine sindinamiza munthu," anatero pamapeto pake, osadzutsa mutu. "Ndikamapereka kwa Kandevu wogulitsa zipangizo uja ndimanena poyera kuti ndi omata. Zoti iye amawaika m'timabokosi tonyezimira n'kumati ndi enieni, izo ndi za iye ndi Mulungu wake."

"Mulungu wake ndi wina, wanu ndi wina?"

"Mayi, mwayambatu ulaliki kusanache."

"Kwacha kalekale, ndinu amene simukuona. Manja omwewa Lamulungu mumanyamulira mbale ya chopereka, n'kumayenda chonyang'ama pakati pa mabenchi. Lolemba ndi awa, bii, akumata imfa."

A Makaniko anaika pulayala pansi n'kupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Maso aja anali atayamba kuchita chifunga, ndipo anyamata a kabaza anali atasiya kubweretsa njinga zawo. Ankapita kwa amisiri anzawo achinyamata, ofulumira manja, okonza kwinaku akuseka.

"Ntchito yanga inafa ine ndikali moyo," anatero motsitsa mawu. "Mukufuna ndizikhala pakhonde n'kumawerenga nkhuku za eni? Anyamatawo amafuna zotchipa. Ndikasiya ine amata wina. Nanga mankhwala a mawondo anuwo azichokera kumwamba?"

"Bola mawondo awawe. Inu mukudziwa chomwe guluuyu amachita akatentha. Munandiuza nokha."

"Ambiri amagwira mpaka kutha."

"Ambiri. Nanga otsalawo?"

"Tsoka silinunkha, mayi. Ngakhale a kufakitale amalephera."

Mayi aja, akazi awo, anatsamira chitseko. Analibe mphamvu zokuwa. Mkangano uwu anali ataupanga kambirimbiri moti aliyense ankadziwa mawu a mnzake asanatuluke.

"Chitsiriza wathu ndi uyo, mwezi wake wayandikira," anatero. "Kusikelo amapita panjinga ya mwamuna wake. Mukamamata izi simumuganizira?"

"Njinga ya mkamwini ndimaigwira ndekha. Ndimaika enieni, ogula kutauni. Pamenepo musade nkhawa."

"Ndiye kuti mukudziwa. Wanu mumamuikira enieni, wa mnzanu omata. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, bambo."

"Madzi anu aja terekani," anatero a Makaniko, akuchotsa mapadi pamoto limodzilimodzi n'kumawandandalika panjerwa.

Sabata yotsatira, chakumasana, njinga ya mkamwini inaima pabwalo. Chitsiriza anatsika pang'onopang'ono, dzanja limodzi paphewa la mwamuna wake, lina kumsana. Ankachokera kusikelo. Mayi ake anamulandira n'kumukhazika pamkeka pamthunzi, akumudandaulira mapazi otupa.

Mkamwini anali mnyamata waulemu wopitirira muyeso. Anavula chipewa chake cha panjinga akadali patali, n'kupereka moni atawerama, maso ali pansi. Chikwatirire mwana wawo, anali asanawayang'anepo apongozi ake m'maso.

A Makaniko anayankha moni, koma mwa chizolowezi cha ntchito maso awo anapita kutayala lakutsogolo. Anayandikira, n'kugwada, n'kusuzumira. Mapadi anali atsopano. Analowetsa chala n'kusisita m'mphepete. Ngodya inali yozungulira, yopalidwa ndi tupa chopendekera kumanzere, momwe dzanja lawo lokha linkapalira. Penti wakuda anatsalira pachala.

"Awa mwaika liti, bambo?"

"Lachisanu, ababa. Akale aja anayamba kulira."

"Osabwera kuno bwanji?"

Mkamwini anapotokola chipewa m'manja. "Ndinachita manyazi, ababa. Ulendo uja munandiikira munakana kuti ndilipire. Ulendo winanso chimodzimodzi. Ndiye ndinati munthu wamkulu sindingamangomudyera thukuta, ndine mkamwini wamtundu wanji? Ndinapita kwa a Kandevu."

"Kwa Kandevu."

"Eya. Anandiyalira mitundu itatu pakauntala. Ena opanda bokosi, otchipa, anati amenewo ndi a anthu osakonda moyo. Ena apakati. Ndiye anatulutsa a m'bokosi, kuchokera pansi pa kauntala, akuti amasungira anthu odziwa. Ine ndinaganiza za mayi awa ndi katundu anyamulayu, ndinati ayi, pamoyo sitinenerera. Ndinatenga a m'bokosi, odulawo."

Ananena monyadira pang'ono, ngati mwana amene akudikira kuyamikiridwa.

"Anasala nyama sabata yathunthu chifukwa cha mabuleki amenewo," anatero Chitsiriza ali pamkeka, akuseka. "Usiku amachita kudzuka kukawasuzumira, ngati iwowo ndiye oyembekezera."

A Makaniko anayesa kuseka nawo, n'kudzuka pomwe anagwada.

"Isiyeni njingayi lero, ndiione bwino. Mawa mudzaitenga."

"Ayi ababa, musavutike. Ikugwira kwabasi. Ndikangokhudza chonchi, yaima. Komanso madzulo ano ndili ndi makasitomala ondidikira."

"Tcheni chikuoneka chokhwepa."

"Ndamangitsa dzulo, ababa. Pumulani, mwagwira ntchito zaka zambiri."

Atamwa madzi ananyamuka. A Makaniko anaima pabwalo akumvetsera kulira kwa njinga mpaka kunazilala. Atatembenuka anapeza akazi awo akuwayang'ana.

"Ndi anu," anatero mayi aja. Silinali funso.

"Ndi anga."

Mayi aja anakhala pansi pomwepo pakhonde, manja ali pamiyendo. Kwa kanthawi milomo yawo inkangogwedera, akupemphera chamumtima. Kenaka anati, "Mawa m'mawa mukamuuze."

"Ndikamuuze kuti chiyani? Kuti apongozi ako, mkulu wa mpingo, ndi amene akupha anthu pamsewu? Mnyamata amene amandivulira chipewa ali kutsidya kwa msewu?"

"Mukamuuze zoona. Chipewacho azivala, bola mwana wanga akhale moyo."

"Simukuwadziwa a kabaza inu. Akamva mmodzi amva onse. Amabwera ngati njuchi, ndi mafuta m'zigubu. Mukufuna tigone pabwalo?"

"Ndikufuna mdzukulu wanga ndimunyamule."

"Ndipeza njira. Ndiwasintha mwakachetechete, iye osadziwa. Pamalo athyathyathya alibe vuto, mayi. Guluu amafewa akatentha kwambiri, pamtsetse wautali, njinga italemedwa."

Atangonena anazindikira chimene anena. Njira ya kuchipatala inali mtsetse wokhawokha, wokhotakhota, wokathera pamlatho wopapatiza. Ndipo mabuleki akumbuyo okha sangaimitse njinga yolemedwa pamalo otero.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero mayi aja, akudzuka movutikira. "Ine ndatopa, bambo. Ndatopa kukhala chikumbumtima chanu. Ndili ndi changa chondilemera kale."

A Makaniko anasiya kumata. Sowo anaipachika, chitini cha guluu anachikankhira pansi pa benchi. Anakwera basi kupita kutauni n'kukagula mapadi enieni kusitolo yaikulu, n'kuwasunga m'thumba la jekete. Anatuma uthenga kwa mkamwini kuti abwere ndi njinga, akufuna aone mafuta a injini. Yankho linabwera laulemu: asavutike, mafuta anasintha kale. Anatumanso wina, kuti akufuna awaperekeze kwinakwake. Mkamwini anatumiza mnzake kuti awanyamule, poti iye anali kutali ndi kasitomala, ndipo mnzakeyo anakana kulandira kanthu.

Tsiku lina analimba mtima n'kupita okha pasiteji ya kabaza, pansi pa mtengo waukulu pamphambano. Anyamata anali atakhala panjinga zawo, akuseka. Atawaona, mkamwini anadumpha n'kuvula chipewa, wina n'kuwapatsa benchi.

"Apongozi a mnzathu afika! Akamwini, imani bwino, mayeso ayamba!"

"Madala, mwana wanuyu akumusamala, ife ndife mboni. Njinga amaitsuka kawiri patsiku, koma iye mwini kusamba mpaka tichite kumukumbutsa."

Onse anaseka. A Makaniko anagwira thumba la jekete, kabokosi kali momwemo. Anayang'ana nkhope zija, zina za ana amene anawaona akubatizidwa. Anachotsa dzanja pathumba. Anafunsa za mtengo wa mafuta, anadandaula za fumbi, kenaka anatsanzika.

"Mwamuuza?" anafunsa akazi awo atafika.

"Panali anthu."

"Pamaliro pamakhalanso anthu."

Masiku amenewo m'nyumba munalibe phokoso. Mayi aja anasiya kukangana. Ankasesa, kuchapa, kukonza kachikwama ka kuchipatala, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi yomweyomweyo, ija amaimba poperekeza munthu. Pa pemphero la chakudya ankangoti, "Ambuye, mukudziwa," n'kukhala chete. Kawiri konse anavala nsalu kuti apite okha kwa mkamwini, kawiri konse amuna awo anawagwira dzanja pakhomo n'kuwapempha kuti awapatse tsiku limodzi lokha. Ndipo iwo, pokhala anakhala ndi munthuyu zaka zonsezi osamuchititsapo manyazi pagulu, ankabwerera. Pambuyo pake ankadzida chifukwa chobwererako.

Lamulungu a Makaniko anapempha mnzawo kuti anyamule mbale ya chopereka. Anati dzanja likuwawa.

Ankaganiza kuti nthawi ikadalipo, poti kusikelo ananena kuti ndi kumapeto kwa mwezi. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Lachitatu lina, dzuwa lili paliwombo, njinga inalowa pabwalo mwaliwiro, hutala ikulira. Chitsiriza anali kumbuyo, atakumbatira mwamuna wake, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Amayi! Amayi, fulumirani! Yayamba!" anakuwa mkamwini, ulemu wonse wa masiku onse ataiwala. "Kwerani kumbuyo muzimugwira, ndekha sindingathe!"

Mayi aja anatuluka ndi kachikwama ndi beseni. Atafika pakati pa bwalo anaima. Anayang'ana tayala lakutsogolo, n'kuyang'ana amuna awo amene anali pakhomo la shedi yawo yogwiriramo ntchito. Anthu atatu panjinga imodzi, wachinayi ali m'mimba, ndi mtsetse uja kutsogolo.

"Ine sindikwera," anatero. "Ndipo mwana wanga sapita."

"Amayi, mukuti chiyani?"

"Funsani apongozi anu."

A Makaniko anayenda ngati munthu wonyamula thumba la simenti. Anafika kutsogolo kwa njinga, n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Zimitsani, bambo."

"Ababa, nthawi palibe! Chonde, tidzakamba pobwera!"

"Zimitsani. Mabuleki awa sakafika pamlatho."

"Ndi atsopano, ababa! Ndi enieni, bokosi lake ndikusunga kunyumba!"

"Bokosi ndi lenileni. Mapadiwo ndinamata ine." Mawu anatuluka okhakhala. "Kuseri uko, pambaula. Zitsulo zotola kudzala, zigamba za lole, ndi guluu. Kandevu amagula kwa ine."

Injini inazima. Pabwalo panangomveka kupuma kwa Chitsiriza.

"Ababa," anatero mwanayo mwapansipansi. Sanapitirize, ululu unamugwiranso, anangoluma kolala ya mwamuna wake.

Mayi aja anaponya beseni pansi n'kumutsitsa, n'kumutsamiritsa pachifuwa pawo. "Pumira, mwanangu, pumira. Bambo, ngati manja anuwo anagwirapo ntchito yabwino, ndi lero."

A Makaniko anagwada m'fumbi. Anatulutsa kabokosi m'jekete, sipanala m'thumba la buluku. Maso sankaona bwino mutu wa bawuti, sipanala inaterereka kawiri n'kuwasupula chala. Mkamwini anagwada pambali pawo n'kugwira tayala kuti lisagwedere. Bawuti woyamba anamasuka, wachiwiri anamasuka. A Makaniko anasolola padi limodzi.

Chigamba chinali chitayamba kale kukanuka mbali imodzi. Analowetsa chikhadabo pampatapo, osagwiritsa ntchito mphamvu, ndipo chinangoti phwa, n'kugwera m'fumbi ngati nkhanambo ya chilonda. M'dzanja munatsala kachitsulo kadzimbiri.

Mkamwini anatola chigambacho. Anachitembenuza, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana apongozi ake m'maso. A Makaniko ndi amene anayang'ana pansi.

Anaika atsopano, anamanga, anafinya chogwirira cha buleki kangapo mpaka chinalimba. Anakankha njinga pang'ono n'kufinya. Inaima nji.

"Pitani. Pamtsetse muzitsika ndi giya, musamangodalira dzanja. Atsopano amafuna kuzolowera."

Anamukweza Chitsiriza, mayi ake n'kukwera kumbuyo, beseni lili pamsana m'nsalu. Mkamwini analiza injini, anavala chipewa, koma sananyamuke nthawi yomweyo. Analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Munadziwa tsiku lija munagwada apa."

"Ndinadziwa."

"Ndakhala ndikumunyamula masiku onsewa. Dzana ndinatsika naye mtsetse womwewo."



"Anzanga pasiteji," anapitiriza mkamwini, "ndinawaonetsa bokosi lija. Ndinawauza kuti asamagule zotchipa, akagule a pansi pa kauntala. Anandimvera, poti amati ndine mkamwini wa makaniko, ndikudziwa. Ambiri agula. Wina amanyamula ana a sukulu, atatuatatu, m'mawa ndi masana."

"Tiyeni, bambo, mwanayu akuvutika," anatero mayi aja. Kenaka anacheukira amuna awo. Nkhope yawo inalibe mkwiyo, inali yotopa basi. "Wanu mwamupulumutsa. Ine ndikakhala kuchipatala, sindikhalapo kuti ndikukumbutseni za enawo."

Njinga inatuluka pabwalo.

A Makaniko anatsala atagwada pomwepo, magazi a pachala akusakanikirana ndi girisi. Kumsewu kunkadutsa njinga zina, kupita ndi kubwera. Iliyonse ikafika pokhota, ankamva woyendetsa akuchepetsa moto, ndipo mtima wawo unkaima kudikira kuti amve ngati yagwira. Inadutsa ina, n'kudutsa ina. Anayesa kupemphera koma mawu sanabwere, anangoti, "Atate," n'kulekera pomwepo. Kuchokera patali kunamveka belu la kusukulu, loweruka ana aang'ono.

Anadzuka pogwira bondo. Anatola kachitsulo kadzimbiri kaja ndi chigamba chake n'kuika m'thumba. Analowa m'shedi n'kunyamula bokosi la zipangizo. Enieni oti akaikire anthu analibe, ndipo sankadziwa kuti akawapeza bwanji. Sankadziwanso ngati madzulo a tsikulo nyumba idzakhale ikadali ndi denga. Anakoka chitseko, osakhoma, n'kuyamba kukwera kamtunda kopita kumphambano, akupumira panjira poti bokosi linali lolemera.

Pansi pa mtengo paja anyamata anali ambiri, ena akuliza kale injini kuti akatenge ana kusukulu. Mmodzi anawaona akubwera.

"Eee, agogo atsopano awo! Tamva kale, madala, mnzathu wadutsa apa ngati mphepo! Mwabwera kudzatigulira zakumwa?"

"Agogo abwera ndi masipanala, akufuna akamange mdzukulu mabawuti!"

Anaseka onse. A Makaniko anatula bokosi pansi pakati pa msewu wotulukira pasiteji, pomwe njinga iliyonse inayenera kudutsa. Anapukuta thukuta, anatulutsa kachitsulo kaja ndi chigamba chake, n'kuzikweza m'mwamba, china dzanja ili, china dzanja ilo. Kuseka kunayamba kuzilala.

"Ana anga," anatero, "zimitsani njinga zanu. Pasachoke munthu pano ndisanaone tayala lake. Ndili ndi mawu, ndipo mukawamva muchite nane chimene mufuna. Koma yambani mwazimitsa."

Wa ana a sukulu uja, amene anali kale kutsogolo phazi lili pagiya, anawayang'ana, n'kuyang'ana chigamba chija. Anatembenuza kiyi, injini n'kuzima.